Tsiku limene Mark II inaleka kugogoda

Ku Kanyama galimoto iliyonse imalira. Minibasi imalira zitseko, Canter yonyamula miyala imalira bodi, ngakhale wilibala ya mnyamata wotuta makala ili ndi nyimbo yake. Ukangosiya tara wa Los Angeles Road n'kulowa m'kati mwa komboni, pansi pa galimoto pamayamba chipwirikiti cha zitsulo, ndipo pakapita miyezi makutu amazolowera. Woyendetsa amangokweza wailesi. Ine ndakhala kuno nthawi yaitali moti galimoto yosalira ndimaiyang'ana kawiri, ndimadziwa kuti ndi ya mlendo.

Vuto si madalaivala okha ayi, ndi nthaka. Kanyama anamangidwa pamwamba pa thanthwe, pamalo afulati, madzi apansi ali pafupi. Mvula ikagwa ilibe kolowera. Akuluakulu amakumbukirabe chigumula cha 1978 chimene chinagwetsa nyumba zambiri kuno, koma safunika kukumbutsa munthu, chifukwa Januwale aliyense misewu ya m'kati imasanduka madambo. Dzenje limabisala pansi pa chithaphwi, mwala wosongoka umabisala pansi pa matope, ndipo woyendetsa amalowa ndi chikhulupiriro chokha. Madzi akaphwa pamatsala fumbi losalala ngati ufa, lolowa paliponse. Chaka chonse zitsulo za pansi pa galimoto zimasinthana matope ndi fumbi.

Alamu anga, amuna a mlongo wanga, anagula Toyota Mark II ya 1998, ija amaitcha GX100, yoyera. Sanaigule ku Japan. Anaigula kwa munthu amene naye anagula kwa wina, ndipo woyamba uja ndiye anakaitenga ku Nakonde itatsika chombo ku Dar es Salaam, monga zimabwerera galimoto zambiri za mu Lusaka. Inali galimoto yaulemu, tisaname. Injini yake ya masilinda 6 inkalira mofatsa ngati mphaka wokhuta, mipando inali ngati ya pabalaza pa bwana. Toyota anayamba kupanga Mark II mu 1968 n'kudzaisiya mu 2004 pamene anabweretsa Mark X, ndiye kuti Mark II iliyonse ya mtundu uwu imene mukuiona pamsewu lero yapitirira zaka 20. Anaipangira misewu ya ku Japan, kumene galimoto ya munthu wamba imapimidwa mwalamulo ikakwana zaka zitatu, kenako zaka ziwiri zilizonse. Alamu ankaiyendetsa ngati takisi, kuchokera m'bandakucha, kunyamula amayi a malonda opita ku msika wa Soweto, ndipo pobwerera buti inkadzaza matumba a kabichi ndi mabokosi a tomato mpaka kumbuyo kukhala pansi.

Kugogoda kunayamba mu Disembala, mvula itakhazikika. Kunali kutsogolo, mbali ya kumanzere. Sikunali phokoso lalikulu ayi: gu, kamodzi, galimoto ikatsika hampu, gu-gu, ikakhota pang'onopang'ono polowa pageti. Ine ndinakumva chifukwa m'mawa uliwonse ankanditenga n'kukanditsitsa pafupi ndi City Market.

"Alamu, mwamva icho?"

"Ndi msewu, alamu. Ku Kanyama ngakhale njinga ilira."

Amati chakudza sichiimba ng'oma. Chathuchi chinaimba pafupifupi miyezi iwiri, ife tikuvinira.

Chimene chinkalira ndi kachitsulo kamene amakanika amati ball joint. Aliyense amene anadyapo ntchafu ya nkhuku mpaka kufupa amakadziwa kapangidwe kake: mutu wobulungira wolowa m'kambale, wotha kuzungulira mbali zonse osatuluka. Wilo la kutsogolo liyenera kuchita zinthu ziwiri nthawi imodzi, kukwera ndi kutsika potsata msewu, komanso kutembenuka potsata chiwongolero, ndipo mfundo imeneyi ndiyo imalola zonsezo. M'kati mwa kambale muli kapulasitiki kolimba ndi girizi, pakamwa pake pali kachipewa ka mphira kotsekereza madzi. Moyo wonse wa ball joint uli pa kachipewako. Mphira ikakalamba imang'aluka, mwala ukaigunda imang'ambika. Ikang'ambika, chithaphwi choyamba chimatsuka girizi, matope amalowa, ndipo mchenga umayamba kupera chitsulo usana ndi usiku monga mphero iperera mawere. Mutu umachepa, kambale kamakula. Kugogoda kuja ndi mutu ukusewera m'nyumba imene yaukulira.

Apa pali chinthu chimene ine sindinkadziwa, ndipo ndikuona kuti ambiri oyendetsa Mark II sachidziwa. Pa Corolla, imene amakanika a m'komboni anakulira nayo, kulemera kwa galimoto kumatsikira pa sipuling'i ndi shock n'kufika pa wilo, ndipo ball joint yapansi ntchito yake yaikulu ndi kugwira wilo kuti lisasochere. Imatha kugwedera nthawi yaitali galimoto ikuyendabe, n'chifukwa chake anthu anazolowera kuinyozera. Mark II ya mtundu uwu ili ndi mikono iwiri kutsogolo, wapamwamba ndi wapansi. Sipuling'i imatsamira pa mkono wapansi, ndiye kulemera konse kwa ngodya imeneyo kumadutsa pa ball joint yapansi kasanafike pa wilo. Galimotoyi payokha imalemera makilogalamu opitirira 1,300, injini yaitali ili kutsogolo. Onjezani anthu asanu ndi katundu. Gawo lakutsogolo la zonsezo latsamira pa timitu tiwiri tachitsulo tosaposa dzira la nkhuku.

Mlongo wanga ndiye anaumiriza kuti galimoto ikaonedwe. Tinapita kwa makanika wina wachikulire amene ali ndi galaji ya malata chakumpoto, kufupi ndi Mumbwa Road. Mdalayo sanafunse zambiri. Anaikweza pa jeki, anaika chochirikiza chachitsulo, anagwira tayala pamwamba ndi pansi n'kuligwedeza. Kenako anatenga chitsulo chachitali, anachilowetsa kunsi kwa tayala, nauza mnyamata wake kuti azinyamula ndi kutsitsa, iye atagwada ndi tochi. Anandikodola kuti ndione. Mfundo ija inkatseguka ndi kutsekeka ngati kamwa la nsomba. Kachipewa kamphira kunalibe, kunangotsala mkombero wake, ndipo pozungulira panali fumbi lofiira la dzimbiri.

"Bwana, iyi motoka isachoke pano," anatero. "Ball joint yatha. Mugule ziwiri, ya kumanzere ndi ya kumanja, chifukwa zinabadwa tsiku limodzi. Tie rod end iyi nayo yayamba. Tikamanga mupite ku alignment."

Alamu anafunsa mtengo. Atamva anaseka kuseka kopanda chimwemwe. Unali mwezi wa Januwale, ana atatu akufuna za kusukulu, mwini nyumba akudikira, ndipo inshuwalansi inali itatsala pang'ono kutha.

"Amdala, palibe njira ina? Ingogwirako mpaka mwezi uthe."

"Njira ilipo, mwana wanga, koma si pano. Ine nyundo sindimenyera pa ball joint."

Ndinaganiza kuti mdalayo akudzikweza. Ndikuvomera, ndinatero mumtima, ndipo potuluka ndinauza alamu kuti amakanika a magalaji amakonda kuopseza kuti ugule zatsopano adyepo. Mawu amenewo anali anga.

Njira ina ija tinaipeza tsiku lomwelo, pansi pa mtengo, kwa mnyamata wochangamuka, wa manja ofulumira ndi pakamwa pokoma. Anamasula ball joint, anaigoneka pa chidutswa cha njanji, anatenga nyundo ndi tchizulo chobuntha n'kuyamba kusula milomo ya kambale kuzungulira, kuti ifinye mutu uja. Ankaima, kuyesa ndi dzanja, kumenyanso. Italimba moti sinkagwedezeka, anapaka girizi wambiri, anadula chubu chakale cha njinga n'kukulunga m'malo mwa kachipewa, anamanga ndi waya. Pa nati yake payenera kulowa kapini kogawanika kotsekera kuti isamasuke. Kakale kanathyoka pomasula, iye anapinda msomali. Ntchito yonse sinathe ola limodzi, ndipo mtengo wake unali wa nkhuku imodzi.

Sindimuda mnyamatayo. Anatipatsa chimene tinapempha. Sitinapemphe ball joint yabwino, tinapempha kuti phokoso lithe.

Ndipo linatha. Tinadutsa dala pa mahampu onse a Los Angeles Road, zii. Alamu anazimitsa wailesi kuti timvetsere bwino, tinayang'anana, tinaseka. Madzulo ake ndinagula zakumwa.

Nyundo sibwezera chitsulo chimene mchenga unadya. Mutu unali wochepabe, wokumbika, wadzimbiri, ndipo kapulasitiki ka m'kati kanali katatha kale. Chimene chinasintha n'chakuti milomo ya kambale, imene ndiyo yokha yoletsa mutu kutuluka, tsopano inali yopsinjika, yopyapyala ndiponso yokhala ndi timing'alu tosaoneka ndi maso. Mfundo yofunika kuzungulira mofewa inali itaumitsidwa, ndiye pokhota paliponse chitsulo chinkapotana ndi chinzake chouma. Tinatenga chinthu chodwala chimene chinkabuula, tinachitseka pakamwa.

Galimoto inayesabe kulankhula m'njira zina. Chiwongolero chinayamba kulemera, ndipo ukamaliza kukhota sichinkabwerera chokha pakati monga chimachitira cha galimoto yabwino. Alamu ankachita kuchibweza ndi manja. Anaganiza kuti ndi mafuta a power steering, anathira ena, osasintha. Pamsewu wowongoka galimoto inkakokera kumanzere. Tayala la mbali imeneyo linadyeka m'mphepete mwa m'kati mpaka mawaya kuonekera, kunja kuli bwinobwino, ndipo anangolisinthanitsa ndi la kumbuyo. Pokhota pang'onopang'ono pankamveka kulira kwina, kwii, ngati chitseko chakale cha tchalitchi. Chilichonse mwa izi chinali ndi yankho lake lokonzeka: msewu, matayala a salaula, mvula. Chimata cha fitness chinali pagalasi, chosatha ntchito, ndipo alamu ankachiloza mlongo wanga akadandaula. Koma chimata chimanena za tsiku limene galimoto inapimidwa. Sichidziwa zithaphwi zimene yawoloka chiyambire tsikulo.

Zinachitika kumapeto kwa Febuluwale, Lachisanu, cha m'ma 6 koloko m'mawa. Usiku kunagwa mvula. Tinali anayi m'galimoto: alamu, ine kutsogolo, ndi amayi awiri a ku Soweto kumbuyo. Tinali titangokwera pa tara, liwiro silinapitirire makilomita 40 pa ola. Alamu anapatukira kumanzere pang'ono kuzemba minibasi imene inaima mwadzidzidzi, tayala linagunda mphepete mwa dzenje, ndipo kunamveka phokoso limodzi, phwa, ngati nthambi youma. Mbali yanga inagwa pansi. Ndinaona tayala, limene munthu wokhala m'galimoto sayenera kuliona, litagona chammbali kunja kwa windo langa. Alamu anapotoza chiwongolero kumanja, galimoto sinamve. Anaponda buleki, phazi linamira, chifukwa wilo pochoka linadula paipi ya mafuta a mabuleki. Chitsulo chinakwekwereza pa tara, moto ukuthetheka.

Makilomita 40 pa ola amaoneka ochepa uli m'galimoto, koma ndi mamita 11 pa sekondi iliyonse. M'mphepete mwa msewu munali mayi wina amene ankayala malonda ake, zitumbuwa m'ndowa ndi chimanga choti awotche, mbaula itayaka kale. Anaiona galimoto ikubwera, anakankhira kutali mwana wake wamkazi amene anaima pambali pake atavala yunifolomu, koma iye mwini sanathe kudumpha. Bampala inamupanikiza pa khoma la ngalande.

Sanafe. Fupa la ntchafu linathyoka pafupi ndi chiuno. Anthu anamunyamula pa Canter ya munthu wachifundo kupita naye kuchipatala, ndipo alamu anapulumuka m'manja mwa gulu chifukwa amayi awiri aja anaima pakati n'kumakuwa kuti sanali kuthamanga, sanaledzere. Zinali zoona. Sanathamange, sanamwe, laisensi anali nayo. Ndicho chimene chimandisowetsa tulo: tsiku limenelo alamu sanalakwitse chilichonse. Kulakwa kunachitika milungu isanu m'mbuyo, pansi pa mtengo, ine nditagwirizira tochi ya foni.

Loweruka lake tinali titapangana zopita ku Katete kukaona apongozi, banja lonse, ana atatu kumbuyo. Amene anayendapo pa Great East Road akudziwa mapiri a Manenekela, msewu ukutsetserekera ku mlatho wa Luangwa, phompho lili pambali. Mlongo wanga salola kuti nkhani ya ulendowo itchulidwe m'nyumba.

Za ndalama ndingonena mwachidule. Kupatula ball joint ziwiri zimene tinakana kugula, panafunika mkono wapamwamba, limu, tayala, paipi ya mabuleki, tie rod, fenda, bampala, nyali, ndi galimoto yokoka. Panali za kupolisi. Panali za kuchipatala, ndi chakudya cha banja la mayi uja miyezi yonse imene anagona, pakuti ndowa ya zitumbuwa ija ndiyo inkadyetsa nyumba yake. Galimoto inakhala pa mabuloko miyezi inayi osalowetsa ngwee. Pomaliza inagulitsidwa kwa ophwasula.

Ndinabwerera kwa mdala uja patapita nthawi, ndili ndi manyazi, nditanyamula mutu wa ball joint umene ndinatola pamsewu. Sananene kuti ndinakuuzani. Anautembenuza m'manja, anandionetsa pamene milomo ya kambale inang'ambikira, mizere ya tchizulo ikuonekabe.

"Atate, yogogoda ndimaiopa pang'ono," anatero. "Yomwe ndimaopa kwambiri ndi yomwe inali kugogoda dzulo, lero yakhala chete, koma palibe chatsopano chamangidwa."

Masana amenewo anandiyendetsa pansi pa galimoto ina imene inali pa dzenje, kundionetsa chimodzichimodzi, ndipo zimene ndinaona munthu aliyense angazione pakhomo pake. Potozani chiwongolero mpaka kumapeto, gwadani, yang'anani kuseri kwa tayala. Timphira tonse tiyenera kukhala tathunthu: ka pa ball joint, ka pa tie rod end, ndi kaja kopindikapindika kamene kamaphimba mapeto a steering rack. Kameneka kakang'ambika, madzi a chithaphwi amalowa m'kati mwa rack, dzimbiri limadya, mafuta ofiira amayamba kudontha, ndipo rack ndi chinthu chodula kuposa zonse tatchulazi. Galimoto itaima, mawilo atawongoka, gwedezani chiwongolero pang'ono uku ndi uku: chikayenda kupitirira masentimita atatu matayala asanayambe kusuntha, pali chimene chatha pakati pa manja anu ndi msewu. Wilo likakwezedwa, kuligwedeza mutagwira kutsogolo ndi kumbuyo kwake kumaulula tie rod end ndi rack end. Kugwira pamwamba ndi pansi kumaulula ball joint kapena bering'i. Koma ball joint yosenza katundu nthawi zina imabisa matenda kwa manja okha, n'chifukwa chake mdalayo amagwiritsa chitsulo chachitali, wina akunyamula, wina akuyang'ana. Ndipo musalowe pansi pa galimoto yokhala pa jeki yokha, kapena pa buloko ya simenti. Mabuloko athu a ku Kanyama timawadziwa tonse, ena amafumbutuka ndi chala.

Za ma shock anthu amazitenga ngati nkhani ya kukoma kwa ulendo chabe. Ayi. Shock yakufa imasiya tayala likudumphadumpha, ndipo tayala lili m'mwamba silikhota, siligwira buleki. Imapatsiranso nkhonya zonse za msewu kwa mabushi ndi ma ball joint, n'kuzikalambitsa msanga. Yonyowa mafuta yatha. Kanikizani ngodya ya galimoto ndi thupi lonse n'kusiya. Ikapitiriza kuvina kawiri katatu, yatha. Zimasinthidwa ziwiriziwiri.

Ndinamufunsa za zipangizo za salaula, zochotsedwa ku galimoto zodulidwa pakati zimene zimabwera m'makontena, pakuti m'mashopu a m'tauni ndi zimene ambiri timathamangira. Anati chitseko, nyali, limu, ngakhale mkono wachitsulo wosapindika, gulani. Koma ball joint yakale ndi ball joint yakale, kaya yachokera ku Japan. Ya Mark II ingakhale ndi zaka zofanana ndi imene mukuchotsayo, ndipo m'kati mwake simungaonemo. Zatsopano nazo zili mitundumitundu, zina bokosi lokongola koma zosatha nyengo imodzi ya mvula. Pamenepa ndilibe nzeru ina yoposa kufunsa makanika amene adzakhalepo chaka chamawa kuti mukamudandaulire, ndi kukayikira chilichonse chotsika mtengo modabwitsa.

Ndikudziwa chimene mwini takisi anganene powerenga izi, chifukwa ndi chimene alamu ananena: kulankhula n'kosavuta kwa munthu wolandira malipiro pamwezi. Galimoto ikaima tsiku limodzi, kunyumba sikuphikidwa. Sindikutsutsa. Umphawi ndi umene unatipititsa pansi pa mtengo, osati kupusa kokha. Koma pa galimoto pali zinthu zimene zingadikire mwezi uthe, ndi zina zosadikira. Galasi losatsika, ekizozi yobooka, chitseko chotsegulira kunja, mpando wong'ambika, zonsezi zimavutitsa mwini yekha. Chimene chimagwira wilo ndi chimene chimalitembenuza si za mwini yekha, chifukwa m'misewu yathu mulibe malire pakati pa galimoto ndi anthu. Ana a sukulu amayenda m'mphepete mwa tara pothawa matope, amayi amayala tomato mkono umodzi kuchokera pamene matayala amadutsa. Alamu akanaimika galimoto sabata imodzi, n'kukongola kwa ine ndalama imene ndinali nayo koma sindinaitchule, bwenzi nkhani ino kulibe.

Alamu tsopano amayendetsa galimoto ya munthu wina, amapereka ndalama kwa mwiniwake madzulo alionse. Wailesi sayatsa akamadutsa m'komboni. Mayi uja anabwerera pamalo pake patapita miyezi isanu ndi iwiri. Mwendo umodzi unafupika, amayenda ndi ndodo, ndipo sangathenso kusenza ndowa pamutu. Amamunyamulira ndi mwana wake uja asanapite kusukulu. Mbaula anaisunthira kuseri kwa ngalande, kutali ndi tara, kumene ogula ambiri safika. Ndimadutsa pamenepo m'mawa uliwonse popita kokwerera basi, ndimagula zitumbuwa ziwiri, ndipo amandipatsa moni ngati wina aliyense, chifukwa sadziwa kuti ndine ndinagwira tochi.